Pachiliza cha Bambo Tinavundukula Munthu Wamoyo

1

Ndimagulitsa nyama ya mbuzi pa Nathenje, pafupi ndi pamene pamaima maminibasi. Dzina langa ndi Chipulumutso, koma pamsikapo amangoti Chipu wa mbuzi. Ndine munthu wonenepa, ndipo mpaka chaka chatha ndinkasunga ndevu zambiri.

Kwathu ndi ku Mitundu, m'mudzi wina wa m'njira yopita ku Malingunde. Ndinabadwa ndekha. Bambo anga, a Esau, anamwalira ndili ku pulayimale, ndipo zaka zonsezi manda awo anali mulu wa dothi chabe. Bizinesi itayamba kuyenda ndinaganiza zowamangira chiliza. Amayi anavomera ndi mutu. Azakhali anga a Elube, mlongo wawo wa bambo, anavomera ndi pakamwa ponse, ndipo tsiku lomwelo anayamba kugawa ntchito kwa anthu amene anali asanamve n'komwe za mwambowo.

Vuto linali chithunzi. Ndinkafuna kuti ana anga awaone agogo awo. Bambo anajambulitsa kamodzi kokha moyo wawo wonse, pa tsiku la ukwati. Amayi atatsegula sutikesi anapeza kuti chiswe chinalowamo kalekale. Chinadya bambo onse n'kusiya amayi ataima okha, atagwira dzanja lopanda mwini.

Ineyo nkhope ya bambo ndinali nditaiwala. Ndinkakumbukira katsokomoledwe kawo, fungo la fodya m'malaya mwawo, ndi mmene ankandikhazikira pa felemu ya njinga popita kumsika. Koma ndikatseka maso kuti ndiwaone, chinkabwera ndi chipewa chokha.

Mkazi wanga Tikondane ndi amene anati ndikaonane ndi a Domingu.

2

A Domingu anachokera ku Mozambique ali kamwana, nthawi ya nkhondo ija. Anadutsa m'nkhalango ya Dzalanyama ndi gulu la amayi, ambiri a iwo osawadziwa. Nkhondo itatha anzawo anabwerera, iwo anatsala, poti kwawoko kunalibenso woti awalandire. Sukulu sanaipondeko. Anakulira m'misasa ya ootcha makala. Ankasimba kuti kumeneko amayi aja ankalira abale awo moimba, kutchula mmodzimmodzi: uja wa mano otalikirana, uja wa khosi lalitali, uja woyenda ngati akuwoloka mtsinje. Kamwanako kankatola khala n'kumajambula pamiyala anthu oimbidwawo, mpaka tsiku lina mayi wina anagwa pansi ataona mwamuna wake pathanthwe. Akuti maphunziro awo onse ndi amenewo.

Pa Nathenje ankakhala m'kashedi kuseri kwa chigayo. Ankajambula pa malata akale, ndi penti wotsala m'zitini za omanga nyumba, ndipo burashi ankapanga okha ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi umene ankadzatola kwa ine. Mbuzi ya pakhoma la butchala yanga anajambula ndi iwo. Ili ndi maso a munthu, moti makasitomala ena amayamba aifulatira asanatchule nyama imene akufuna. Zilembo sankazidziwa, ankangozikopera ngati maluwa a pachitenje. Pagolosale ya a Mudathir pali S amene anayang'ana kumbuyo mpaka lero.

Koma ntchito imene ankadziwika nayo inali ya akufa. Munthu amene wataya m'bale wopanda chithunzi ankapita kukawafotokozera, iwo n'kujambula. Manja ankawakulitsa, mapazi sankagunda pansi, ndipo zinthu zimene malemuyo ankakonda zinkauluka kumbuyo kwake. Nkhope yokha ndiyo sankaiseweretsa. Anthu akaiona ankaivomera.

Ndinawatengera ku Mitundu kuti akamve kwa amene anawadziwa bwino bambo. Tinakhala pakhonde. Amayi, a Dorica, si munthu wa mawu ambiri. Anati malemuwo anali owonda, adazi, osaseka pagulu, ndipo khutu lawo lamanzere linang'ambika ndi waya. A Domingu anafunsa za mphuno, maso ndi pakamwa. Amayi anati zonsezo anali nazo.

Azakhali sanapirire. "Mukuvutikiranji, abambo? Taonani mwanayu. Uyu ndi Esau mtheradi, kungoti wanenepa. Mphuno, maso, chibwano, zonse n'za Esau."

Mawu amenewa sanandidabwitse. Azakhali akhala akuwanena chibadwire changa, pamaliro ndi paukwati, popanda wowafunsa. Amayi ananyamuka n'kunena kuti akukaona nkhuku.

Kuyambira sabata imeneyo a Domingu anayamba kubwera pabutchala. Ankakhala pabenchi n'kumandiyang'ana ndikudula nyama, ndikukangana ndi makasitomala, ndikuyasamula. Ndinaganiza kuti akufuna ndiwo, ndiye ndinkawaotchera zam'mimba. Ankadya n'kupitiriza kundiyang'ana.

Lamulo lawo linali lakuti chithunzi sachiona chisanathe. Ine ndinawonjezapo langa. Ndinati chikatha achikulunge m'chitenje, tidzachionere pamodzi kumanda, mtundu wonse ulipo. Ndinkafuna kuti anthu adzadabwe.

3

Tsiku la chiliza anthu anabwera ambiri. Panali abusa, amayi a gulu la kutchalitchi atavala zoyera, achibale a ku Malingunde, ndi anzanga a pamsika amene anamva kuti ndapha mbuzi zanga zomwe.

Panalinso a Mateyu. Awa ndi mkulu wina wa ngolo wa pa Mitundu, mnzawo wa bambo kuyambira ali abusa a mbuzi. Sankaphonya maliro kapena ukwati wa pakhomo pathu. Ankakhala kumbuyo, kugwira ntchito imene ena akuithawa, n'kuchoka asanathokozedwe. Ndikawerenga mawu onse amene ndinalankhulana nawo chikhalire, ambiri anali moni.

Abusa atapemphera tinachotsa nsalu pachiliza, anthu anayamikira simenti. Kenako ndinaimika lata lija pamutu pa manda, ndinanena mawu ochepa, n'kumasula chitenje.

Panaoneka mwamuna wowonda, wadazi, wa khutu long'ambika, manja aakulu ngati makasu. Kumbuyo kwake kunkauluka njinga ndi masamba a fodya. Ndinamuyang'ana m'maso. Ndinamva kuti munthuyu ndikumudziwa kuchokera kalekale, ndipo misozi inayamba kulengeza.

Nditatembenuka ndinapeza kuti wofuna kulira ndinali ndekha. Ena onse anangoti zii. Abusa ankayang'ana nsapato zawo. Azakhali anatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Panali gogo wina wa m'mudzimo amene samva bwino, ndiye amalankhula mokweza. Anasendera pafupi ndi ndodo yake, anasuzumira, n'kunena kuti: "Koma a Mateyu awajambula bwino. Nanga a Esau ali pati?"

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. A Mateyu anali ataima pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja. Ndinayang'ana iwo, ndinayang'ana lata. Kupatula khutu lija, panalibe choti n'kutsutsa.

Iwo anavala chipewa, ngakhale kumanda savala chipewa, n'kupita pamene anatsamiritsa njinga. Tayala linali litaphwa. Anayamba kuikankha pang'onopang'ono m'kanjira ka m'minda, ndipo popeza chimanga chinali chitakololedwa, tinawaona kwa nthawi yaitali.

Amayi anakonza duku lawo. "Tiyeni kumudzi," anatero. "Chakudya chizizira."

4

Nkhani inafika pa Nathenje ine ndisanafike. Anthu anaimasulira mosavuta. Ankati mayi wamasiye anauzidwa kuti afotokoze mwamuna wake, ndiye anafotokoza amene anali mumtima mwake. Ena ankati chibwenzicho chinayamba bambo ali moyo. Ena ankati ndi chimene chinawapha, ngakhale mudzi wonse unkadziwa kuti anafa ndi chifuwa.

Amayi a gulu la kutchalitchi anatumiza awiri kudzauza amayi kuti ayambe apuma kaye, mpaka akuluakulu aione nkhaniyo. Amayi akhala m'gulumo kuyambira ndisanayambe sukulu. Anachapa bulauzi yoyera, anaisita, anaiika m'sutikesi, n'kupita kudimba. Kuchitsime amayi anzawo ankasiya kulankhula iwo akafika. Ndinawaimbira foni kangapo. Ankandifunsa za ana, za mtengo wa mbuzi, n'kunena kuti foni yatsala pang'ono kuzima.

Azakhali ndiwo anayaka moto. Ankayenda khomo ndi khomo kunena kuti mlendo uja ndi mfiti, kuti kujambula munthu wamoyo pamanda ndi kumuitanira imfa, kuti anthu obwera amadya zathu n'kutisokonezera mitundu. Ana awo aamuna anakwera minibasi mpaka pa Nathenje. Anagubuduza zitini za penti, anapinda malata, n'kuwauza a Domingu kuti akapanda kusamuka akawanenera kuboma kuti alibe mapepala. Munthu wakhala m'dziko muno kuyambira mano a mkaka asanaguluke, koma mawu amenewo amamugwirabe.

Ine kwa masiku angapo sindinapite kulikonse. Ndinkadula nyama, anthu ankagula, ena ankagula kanyama kochepa kuti angondiona. Lata lija ndinaliika kuseri kwa chitseko, nkhope italoza kukhoma. Ndinkakwiyira amayi, kenako a Mateyu, kenako ndinkachita manyazi kuti ndikukwiyira amayi. Wosavuta kumukwiyira anali a Domingu, ndiye tsiku lina masana ndinatseka butchala n'kupita kuseri kwa chigayo.

5

A Domingu ndinawapeza atanjuta pansi, akuwola penti wotayika ndi supuni n'kumabwezera m'chitini. Anandipatsa moni ngati masiku onse, n'kundilozera njerwa yoti ndikhalepo. Sindinakhale. Ndinawafunsa kuti a Mateyu anawapatsa chiyani, kapena amayi anawanong'oneza chiyani ine nditatembenuka.

Anaika supuni pansi. "Achimwene, aliyense akubwera kuno ndi Mateyu, Mateyu. Kodi Mateyuyo ndi uti?"

Ndinati asandipusitse. Iwo anati ku Mitundu anapitako kamodzi kokha, tsiku lomwe ndinawatenga lija, ndipo kumanda sanabwere chifukwa sapita kukaona anthu akulira ntchito yawo. Amayi anawapatsa kuwonda, dazi ndi khutu. Ndi zimenezo munthu sungamange nkhope. Zotsalazo azakhali anawauza kokazitenga.

Ananyamuka n'kusuntha malata amene anatsamira kukhoma. Pakhomapo panali nkhope zojambula ndi makala, zondondozana.

"Uyu ndinu," anatero, akuloza yoyamba. "Apa ndakumetani ndevu. Apa ndakuchotsani mafuta, poti amayi anati malemu anali owonda. Apa ndakupatsani dazi ndi zaka."

Ndinayenda ndi maso kuchokera kumanzere. Woyamba ndinali ine, wa masaya anga ndi ndevu zanga. Wachiwiri ndinali ine. Wachitatu ndinali ine nditadwala. Womaliza anali a Mateyu, ndipo sindinathe kuloza pamene ine ndinathera n'kuyambira iwo.

Ndinakhala pa njerwa ija.

A Domingu anandiyang'ana, anayang'ana khoma, ndipo ndinaona kuti nawonso akuimva nkhaniyo nthawi yomweyo. Anatenga chiguduli chonyowa n'kuyamba kufufuta nkhopezo, kuyambira yomaliza. Anati pepani. Anati zaka zonsezi amakhulupirira zimene achibale anena, chifukwa alibe pena poti atsamire.

Pochoka pamenepo ndinalowa mwa ometa. Ndinati achotse zonse, ndevu ndi tsitsi lomwe. Wometayo amakonda nkhani za mpira, koma atafika pachibwano anasiya kulankhula. Kunyumba Tikondane anali akuanika zovala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, chovala chikudontha m'manja.

"Ndevu zimamera," anatero.

6

M'mawa mwake ndinapita ku Mitundu. Ndinapeza amayi pamkeka akuswa mtedza. Anakweza maso kamodzi.

"Wameta."

"Ndameta."

"Khala pansi. Tenga lichero ilo, manja asangokhala."

Anasimba akuswa mtedza, osandiyang'ana. Anati atakwatiwa panapita zaka popanda mwana. Bambo anali mkamwini m'mudzi wa amayi, ndipo amalume awo a amayi anayamba kunena poyera kuti mkamwini wosabereka ndi wongotha chimanga, abwerere kwawo. Amayi ndi bambo anayenda kwa asing'anga, anamwa mizu yowawa, osathandiza. Anyamata kumowa anayamba kufunsa bambo ngati anagwa mu mpapaya.

Azakhali a Elube ndi amene anabwera ndi nzeru. Anati mlongo wawo sangathamangitsidwe ngati galu, m'nyumbamo mulowe fisi. Achinyamata ena mwina mwangomva dzina: ameneyu ndi mwamuna amene amalowetsedwa mobisa m'nyumba ya mnzake kuti pabadwe mwana, ndipo mwanayo amakhala wa mwini nyumba. Bambo anakana, anakana, kenako anavomera. Munthu anasankha okha. Anati akhale Mateyu, chifukwa Mateyu salankhula.

Ndinafunsa kuti nanga iwo amayi anati chiyani.

"Anandiuza," anatero. "Kufunsa sanandifunse."

Masiku amenewo bambo anapita ku Dzalanyama kukadula mitengo ya chigafa cha fodya. Anachedwako, ndipo anabwera ndi mitengo yokwana mudzi wonse. A Mateyu kuyambira pamenepo sanalowenso m'nyumba mwathu, ngakhale mvula iwapeze pakhonde. Ine nditabadwa bambo anandinyamula n'kuzungulira nane mudzi, khomo ndi khomo, mpaka azamba a m'mudzi anawakalipira kuti mwana wakhanda sayenda padzuwa. Dzina anapereka okha. Amayi anati limatanthauza zimene limanena: ndinawapulumutsa.

"Sanakuoneko ngati wa wina, ngakhale tsiku limodzi. Ukadwala sankadya. Ine ndi amene nthawi zina ndinkakuyang'ana n'kutembenuka."

Ndinati ndipita kwa abusa ndi kwa amayi a gulu, ndikawauze kuti panalibe chibwenzi, kuti anakonza ndi achibale a bambo omwe, ndipo amene akukuwa kwambiri ndi amene anatsegula chitseko. Apa amayi anasiya mtedza.

"Ukanene kuti chiyani? Kuti Esau sanali mwamuna? Anapirira moyo wake wonse kuti mawu amenewo asamveke, ndiye iwe wamumangira chiliza kuti ukawalengeze? Anene ine. Ine ndili moyo, ndikhoza kumva. Iye sangadziyankhire."

Ndinati si chilungamo. Anati sananene kuti ndi chilungamo.

Tili pomwepo azakhali anatulukira. Ataona mutu wanga anaima pakati pa bwalo, kenako anakhala pansi pa dothi, osadikira mkeka. Kwa kanthawi anaoneka nkhalamba. Koma azakhali sakhala nthawi yaitali opanda nzeru. Anati njira ilipo: mlendo uja akaime pamaso pa anthu, anene kuti anaona a Mateyu pamsika wa Mitundu n'kusokoneza nkhope. Akatero anyamata amusiya. Ndinakana. Ndinati munthuyo sanalakwe, anangomvera iwo. Azakhali sanatsutse, anangofunsa nthawi imene minibasi yomaliza imanyamuka.

7

Azakhali anapita okha ku Nathenje, ndipo a Domingu anavomera. Nditamva ndinathamangira kukashedi kukawauza kuti ntchito yawo yonse yaima pa chikhulupiriro, kuti akanena kuti dzanja lawo limaba nkhope za amoyo palibe adzabweretsenso akufa ake. Anati akudziwa.

"Amayi anu anandipatsa madzi ndi mpando," anatero. "Ine ndinawavula pagulu osadziwa. Amayi anga sindinawaike m'manda, sindidziwa pamene anagona. Awa ali pompa. Bodza limodzi ndikhoza kulisenza."

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, anaima panja pa tchalitchi atavala jekete yobwereka. Ananena mawu amene azakhali anawaphunzitsa, osawonjeza, osachotsa. Anthu anaseka. Ena anaseka chifukwa anakhulupirira, ena chifukwa anapatsidwa poti abisale. Ine ndinali nditavala chipewa chachikulu, ndevu zitayamba kumera. Sabata yomweyo amayi anaitanidwanso ku gulu. Anatulutsa bulauzi m'sutikesi, anaisitanso, n'kupita.

Kwa a Domingu akufa anasiya kubwera. Anatsala ndi zikwangwani za otchaja mafoni ndi nkhuku za pakhoma la ogulitsa chipisi. Ana a pamsika ankawakuwiza kuti wakuba nkhope. Iwo ankadzatolabe ubweya wa mbuzi, ngakhale maburashi anali nawo okwanira.

Mvula itayandikira ndinapita kwa a Mateyu. Ndinawapeza kukhola akupaka girisi ku tayala la ngolo. Akazi awo anamwalira, ana awo ali m'tauni. Ndinapereka moni, anayankha. Tinakamba za ng'ombe yawo imene inkatsimphina. Tinakamba za mitambo. Kenako anapukuta manja n'kunena, akuyang'ana tayala:

"Bambo ako ndi Esau."

"Ndikudziwa."

"Chabwino."

Ndinaganiza kuti tathana. Koma anafunsa za wojambula uja, ndipo ndinawauza zonse. Ndinayamba kufuna potsanzikira. Ndiye anati Elube sadziwa kufotokoza munthu, amangodziwa kuumirira, ndipo amayi anamutsekera Esau mumtima, sangamutulutse pamaso pa mlendo. Anati iwo anaweta naye mbuzi, anasamba naye mumtsinje, anamumeta pamene ankadwala. Anafunsa ngati wojambulayo angalole kumva kwa munthu amene anamubweretsera tsoka.

Tinakwera minibasi limodzi, aliyense akuyang'ana windo lake. Ndinawasiya kukashedi m'mawa. Masana ndinapita ndi nyama yootcha, koma sindinalowe. Munthu uja amene bambo anamusankha chifukwa salankhula ankalankhula ngati mtsinje wosefukira. Ankasimba za Esau akuthawa njuchi, Esau akunamiza mphunzitsi, Esau akuyeserera kuvina. Ndinamva akuseka, kenako akuimba kanyimbo ka kuubusa. Ndinasiya mbale pakhomo. A Mateyu anatuluka msika ukutsekedwa, maso ali ofiira, n'kunena kuti penti amawawa m'maso.

8

Chithunzi chachiwiri ndinachiona ndekha kaye, m'kashedi momwemo. Anali mwamuna wa mphuno yophwatalala, maso aang'ono oyandikana, kampata m'mano, akuoneka ngati akubisa kuseka. Sankafanana nane paliponse. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Ndinamva felemu ya njinga pansi panga ndi mpweya wawo pamutu panga, ndipo a Domingu anatuluka kukaona chigayo.

Ndinapita nacho kwa amayi popanda kuitana munthu. Anali akutsuka mbale. Ndinachiimika pakhonde n'kumasula chitenje. Anapukuta manja pang'onopang'ono, anasendera, anayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi osagunda pansiwo.

"Malaya awa si ake," anatero. "Ndi a Mateyu. Ankabwereka akamapita kokagulitsa fodya."

Kenako ananyamula latalo. Ndinafuna kuwathandiza, anandikankha ndi chigongono. Analowa nalo kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndili pakhonde ndinawamva akulankhula motsitsa, ndi mawu aja okalipira munthu amene wachedwa kubwera kunyumba. Analankhula nthawi yaitali. Mbale zotsalazo ndinatsuka ndine.

Chithunzicho sichinapite kumanda. Chili kuchipinda mpaka lero, ndipo amene akufuna kuchiona amayamba wapempha. Amayi ena a gulu anachiona, anagwira pakamwa, nkhani inayenda. Akufa ayambanso kubwera kwa a Domingu, koma mmodzimmodzi, ndipo tsopano mkuluyo salola kuti wachibale aloze mwana n'kunena kuti malemu ankaoneka ngati uyu. Azakhali sananenenso kuti ndine Esau mtheradi. Pamaliro amangoti ndanenepa. Lata loyamba lija a Mateyu analipempha. Anati ngakhale khutu si lawo, zambiri n'zawo.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, maina ndasintha ndipo mudzi sindinautchule, chifukwa amayi anapereka dzina lawo kuti la bambo lisadetsedwe, ndipo ine sindingagulitse zimene iwo anagula. Sindikuuzani kuti mwambo uja unali wabwino. Mayi wanga sanafunsidwe, ndipo mlendo amene sanalakwe ndi amene anapepesa. Komanso popanda mwambowo bwenzi palibe wokulemberani. Ndayesa kuziika zonsezi pa sikelo imodzi, zikukana. Chimene ndingakupempheni n'chochepa: mukadzamva kuti mayi wina m'mudzi mwanu anachimwa kalekale, muyambe mwafunsa kuti anakonza ndani, ndipo akutchinjiriza ndani pokhala chete.

A Mateyu masiku ano amatsika pa Nathenje kawirikawiri, akuti amadzafuna girisi, ngakhale pa Mitundu girisi alipo. Amakhala pabenchi, ndimawaotchera chiwindi, amaonerera ana anga akuchokera kusukulu. Anawo anafunsa kuti nkhalambayi ndi ndani, ndinati ndi mnzawo wa agogo. Ine ndimawatchulabe a Mateyu. Iwo amanditchula mwana wa Esau. Pakadali pano zikutikwanira tonse.